Canterbury: Kutsata Mbiri ya Mzinda wa Cathedral pa Ulendo Wapansi

Pa 3 October 2025 boma la Britain linalengeza kuti a Sarah Mullally, omwe anali Bishopu wa London, ndiwo asankhidwa kukhala Akibishopu wa Canterbury wa nambala 106, mayi woyamba pa udindowu. Nkhaniyi sinachedwe kufika m'mipingo ya Anglican kuno kwathu. Ena anailandira ndi manja awiri, ena anaikana, ndipo mtsutso umenewo ndi wa eni mpingo. Koma pambali pa mtsutsowo panabuka mafunso amene ambiri anasowa wowayankha. Kodi Canterbury ndi mpingo kapena ndi malo? Ngati ndi malo, bwanji mtsogoleriyu amakhala ku London? Nanga tauni yaing'ono inatenga bwanji ulemu umene likulu la dziko lilibe?

Canterbury ndi mzinda wa m'chigawo cha Kent, kum'mwera chakum'mawa kwa England, pafupifupi makilomita 90 kuchokera ku London. Sitima yothamanga yochokera pa St Pancras imafika kumeneko pa ola limodzi lokha. Mayankho a mafunso aja ali m'misewu ndi m'makoma a mzindawu, ndipo njira yabwino yowapezera ndi imene alendo ambiri amatsata: kuyenda pansi ndi munthu wodziwa malowo.

Cathedral si tchalitchi chachikulu chabe

Chimene chimapangitsa tchalitchi kukhala cathedral si kukula kwake. Ndi mpando. Dera limene bishopu amayang'anira limatchedwa dayosizi, ndipo m'dayosizi iliyonse muli tchalitchi chimodzi momwe muli mpando wake wa udindo, umene m'Chilatini umatchedwa cathedra. Tchalitchi chimenecho ndicho cathedral. N'chifukwa chake St Michael and All Angels ku Blantyre, ngakhale ndi nyumba yochititsa kaso, si cathedral, pakuti ndi ya CCAP, mpingo umene ulibe mabishopu.

Mpando ukhoza kukhala kwina, mwini wake n'kumagwirira ntchito kwina. Cathedral ya dayosizi ya Anglican ya Northern Malawi ndi St Peter's pa chilumba cha Likoma, koma ofesi ya bishopu ili ku Mzuzu. Ku England zilinso choncho. Kuyambira cha m'ma 1200 maakibishopu akhala ndi nyumba ku Lambeth, mu London, kutsidya kwa mtsinje wa Thames kuyang'anizana ndi Westminster, kuti azikhala pafupi ndi mfumu ndi boma. Mpando unatsala ku Canterbury. Ntchito za tsiku ndi tsiku za dayosizi amayendetsa ndi Bishopu wa Dover, pamene nyumba ya cathedralyo ili m'manja mwa wansembe wamkulu wotchedwa Dean pamodzi ndi bungwe lake. Patsiku lolongedwa pa mpando, akibishopu amaima panja n'kugogoda katatu ndi ndodo yake pa chitseko chachikulu kuti amutsekulire.

Kale ku England malo okhala ndi cathedral ndiwo ankatchedwa mzinda, ngakhale akhale aang'ono. Lero ulemu wa mzinda umaperekedwa ndi mfumu ndipo sudalira tchalitchi, koma mwambo wakalewo unasiya mizinda ngati St Davids ku Wales, komwe anthu sakwana 2,000.

Ulendo wapansi umayenda bwanji

Mzinda wakale wa Canterbury ndi waung'ono moti munthu amaudutsa kuchoka mbali ina kufika ina m'mphindi zosakwana 20. Misewu yake ndi yopanikizika, ndipo ina mwa iyo galimoto sizilowa masana. Operekeza alendo ovomerezeka amachita maphunziro ndi kulemba mayeso a bungwe la Institute of Tourist Guiding. Wa baji yobiriwira amakhala katswiri wa mzinda umodzi, wa baji ya buluu amadziwa chigawo chonse. Maulendo ambiri amayambira pa bwalo la Buttermarket, pafupi ndi chipata cha cathedral, ndipo amatenga ola limodzi ndi theka.

Vuto la mlendo woyenda yekha ndi loti zinthu sizinaime motsatana ndi zaka zake. Khoma la Aroma, nyumba ya m'ma 1500 ndi golosale ya dzana zimapezeka pa ngodya imodzi. Ntchito yeniyeni ya woperekeza ndi kulekanitsa zimenezi, kuti mlendo adziwe chimene chinayamba ndi chimene chinabwera pamwamba pa chinzake. Pano tiyenda motsata zaka.

Zapansi penipeni: Aroma, Bertha ndi Augustine

Aroma analowa m'Britain m'chaka cha 43, ndipo pamene pali Canterbury anamangapo tauni yotchedwa Durovernum Cantiacorum, pa mphambano ya misewu yochokera ku madoko a kunyanja kupita ku London. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 200 anaizinga ndi linga. Mbali yaikulu ya linga limene lilipo lero inamangidwanso pambuyo pake, koma imatsata mzere womwewo wa Aroma. Kuti muone pansi pamene Aroma ankaponda mumachita kutsika masitepe m'nyumba yosungira zakale ya m'msewu wa Butchery Lane, chifukwa m'badwo uliwonse unkamanga pamwamba pa zogumuka za m'badwo wam'mbuyo.

Kum'mawa kwa cathedral, woperekeza amaimitsa anthu pa khoma loyang'anizana ndi poimika galimoto. Poyamba simuona kanthu. Akakulozerani m'pamene mumaona njerwa zofiira zopyapyala zopindika ngati uta pakati pa miyala: ndi chipata cha Aroma chimene chinatsekedwa kalekale, chotchedwa Queningate. Anthu amati m'pamene Mfumukazi Bertha ankatulukira popita kukapemphera. Bertha anali mwana wa mfumu ya Afulanki, ku dziko limene lero ndi France, ndipo anali Mkhristu. Anakwatiwa ndi Ethelbert, mfumu ya Kent, yemwe sanali Mkhristu, pa mgwirizano woti asunge chipembedzo chake. Mwamuna wake anamupatsa kanyumba kakale kunja kwa linga, ndipo ndi tchalitchi cha St Martin's, chomwe mpaka lero anthu amapempheramo. Palibe tchalitchi china ku England chimene chakhala chikugwira ntchito nthawi yaitali kuposa chimenechi.

Apa m'pamene pali yankho la funso loti bwanji Canterbury osati London. M'chaka cha 597 mmonke Augustine ndi anzake pafupifupi 40 anafika ku Kent, atatumidwa ndi Papa Gregory kuti akalalikire kwa Angelezi. Uyu ndi wosiyana ndi Augustine wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, amene anakhalako zaka pafupifupi 200 m'mbuyo mwake. Papa ankafuna kuti mipando ikuluikulu ikhale ku London ndi ku York. Koma mfumu yamphamvu kwambiri kum'mwera kwa England panthawiyo inali Ethelbert, likulu lake linali Canterbury, ndipo m'nyumba mwake munali kale mkazi wachikhristu. Augustine analandiridwa kumeneko, anapatsidwa malo, mfumu inabatizidwa, ndipo mpando sunachokenso.

Kunja kwa linga Augustine anakhazikitsa nyumba ya amonke, yomwe inalinso manda a mafumu ndi maakibishopu, potsata mwambo wa Aroma wosaika maliro m'kati mwa mzinda. Cha m'ma 670 nyumbayi inayamba kutsogoleredwa ndi Hadrian, wobadwira kumpoto kwa Africa. Iye ndi Akibishopu Theodore wa ku Tarsus anatsegula sukulu yophunzitsa Malemba, Chigiriki, Chilatini ndi za nyenyezi. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi imayenera kunenedwa kwambiri kuposa momwe imanenedwera: mmodzi mwa aphunzitsi oyambirira a mpingo wa Angelezi anali Mwafrika, ndipo anagwira ntchitoyo zaka pafupifupi 40.

Madzulo a pa 29 December 1170

Cathedral yoyamba inapsa mu 1067, patangopita chaka Anomani, anthu ochokera ku Normandy kumpoto kwa France, atalanda England. Akibishopu Lanfranc anayamba kumanga ina mu 1070 ndi miyala yoyera yobwera pa zombo kuchokera ku Caen, ku France. Gawo lakale kwambiri limene mlendo angalione bwino ndi chipinda chachikulu chapansi, chomwe chinayamba kumangidwa cha m'ma 1096. Pamitu ya nsanamira zake amisiri anasema nyama zikuimba zitoliro ndi azeze.

Koma chimene chinatchukitsa Canterbury ku Ulaya konse ndi imfa ya Thomas Becket. Iye anali bwenzi lapamtima la Mfumu Henry II komanso nduna yake yaikulu. Mu 1162 mfumu inamuika kukhala akibishopu poganiza kuti mnzakeyo athandiza kuti mpingo uzimvera boma. Zinatembenuka. Becket anatula udindo wa unduna n'kuyamba kuteteza ufulu wa mpingo mosagonja.

Gwero la mkangano linali funso la milandu. Munthu wa mpingo akapalamula mlandu waukulu, monga kupha, aweruzidwe kuti? Makhoti a mpingo sankapereka chilango cha imfa, ndipo anthu owerengedwa kuti ndi a mpingo anali ambiri, kuphatikizapo alembi amene sanali ansembe. Mfumu inkati lamulo likhale limodzi kwa onse. Becket ankati mpingo ukalola kuweruzidwa ndi mfumu ndiye kuti wataya mphamvu yodzudzula mfumuyo ikalakwa. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, ndipo woperekeza wabwino amazifotokoza zonse.

Mu 1164 Becket anathawira ku France, komwe anakhala zaka zisanu ndi chimodzi. Ali komweko, mfumu inauza Akibishopu wa York kuti aveke mwana wake chisoti chaufumu, ntchito imene mwamwambo inali ya Canterbury. Pobwerera kwawo mu December 1170, Becket anali atapereka kale chilango cha mpingo kwa mabishopu amene anachita nawo mwambowo. Henry, yemwe anali ku Normandy, anakalipa kwambiri, ndipo asilikali ake anayi, Reginald FitzUrse, Hugh de Morville, William de Tracy ndi Richard le Breton, anawoloka nyanja. Anafika nthawi ya mapemphero a madzulo ikuyandikira. Amonke anafuna kupiringidza chitseko, koma Becket anawaletsa. Asilikaliwo anamutema ndi malupanga m'kati mwa tchalitchi. Mmonke Edward Grim anavulala mkono pofuna kumutchinjiriza, ndipo pambuyo pake analemba zimene anaona. Lupanga limodzi linathyoka nsonga litamenya mwala wa pansi.

Malowo amatchedwa Martyrdom, kutanthauza pamene munthu anafera chikhulupiriro. Ndi pangodya pang'ono chabe, pafupi ndi chitseko chochokera ku mabwalo a amonke. Pali guwa laling'ono, ndipo pamwamba pake pali malupanga achitsulo osongoka oloza pansi. Pamenepa mu May 1982 Papa John Paul II ndi Akibishopu Robert Runcie anagwada n'kupemphera limodzi.

Zotsatira zake zinabwera mofulumira. Mu 1173 Papa Alexander III analengeza kuti Becket ndi woyera. Mu July 1174 Henry II analowa mu mzindawu wopanda nsapato kuchokera pa tchalitchi cha St Dunstan's, ndipo anavomera kukwapulidwa ndi amonke pa manda a Becket. Patapita miyezi iwiri moto unawononga mbali ya kum'mawa ya cathedral. Amonke anaitana mmisiri wa ku France, William wa ku Sens, amene anabweretsa kamangidwe katsopano kotchedwa Gothic. M'kamangidwe aka zipilala zimakumana pamwamba mosongoka, kulemera kwa denga kumatsikira pa nsanamira osati pa khoma lonse, choncho khoma likhoza kubooledwa mazenera aakulu. William anagwa kuchokera pa nsanja yomangira n'kulumala, ndipo mmisiri wina, William Mngelezi, ndiye anamaliza ntchitoyo mu 1184.

Mu 1220 mafupa a Becket anasamutsidwira m'bokosi lokutidwa ndi golide m'chipinda cha Trinity Chapel. Masitepe okwerera kumeneko anaperepeseka pakati chifukwa cha mapazi ndi mawondo a anthu. M'mazenera ozungulira chipindacho muli magalasi amitundumitundu a m'ma 1200 oonetsa anthu wamba amene ankati anachiritsidwa: wodwala ali pa kama, mwana akuvuulidwa m'madzi, banja likupereka ndalama pa manda. Si kawirikawiri kuona anthu osauka a nthawi imeneyo atajambulidwa ndi zovala zawo ndi mavuto awo.

Mzinda wodyera alendo, ndi mfumu imene inathetsa zonse

Kwa zaka zoposa 300 amwendamnjira, anthu oyenda ulendo wa chipembedzo, ankakhamukira ku Canterbury, ndipo mzinda unkadya pomwepo. Ochokera ku London ankalowera pa Westgate, chipata cha nsanja ziwiri chotalika mamita 18, chomangidwa cha m'ma 1380. Ndicho chokha chatsala mwa zipata zikuluzikulu za mzindawu. Akibishopu Simon Sudbury, amene anathandiza kuchimanga, anadulidwa mutu ku London mu 1381 ndi alimi oukira msonkho. Osauka ankagona ku Eastbridge Hospital, nyumba yolandirira alendo yomwe inakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100 ndipo ilipobe pa mlatho wa mtsinje wa Stour. M'kamsewu ka Mercery Lane amalonda ankagulitsa mabaji achitsulo ndi timabotolo ta madzi amene ankati muli dontho la magazi a Becket. Ulendo womwewu ndi umene Geoffrey Chaucer anamangirapo nthano zake za The Canterbury Tales chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Nsanja yapakati ya cathedral, Bell Harry, yotalika mamita 72, inamalizidwa cha m'ma 1500, nthawi ya maulendowa ikupita kumapeto.

Mu 1534 Mfumu Henry VIII inadzilengeza kukhala mutu wa mpingo wa ku England, kuchoka pansi pa Papa. Kwa mfumu yotere, woyera amene anatchuka chifukwa chokana kugonjera mfumu sakanasiyidwa. Mu 1538 manda a Becket anaphwasulidwa, chuma chake chinatengedwa, ndipo lamulo linatuluka loti dzina lake lifufutidwe m'mabuku a mapemphero. Chaka chomwecho nyumba ya amonke ya Augustine inatsekedwa, ndipo lero ndi mabwinja. Pamene panali manda a Becket pali kandulo imodzi pansi popanda kanthu. Mu mzinda umenewu malo opanda kanthu amanena zambiri, ndipo mlendo wopanda womuuza akhoza kungowadutsa.

Zaka zotsatira magazi anakhetsedwa mbali zonse. John Stone, wansembe wachikatolika amene anakana kuti mfumu ndi mutu wa mpingo, anaphedwa ku Canterbury mu 1539. Mu ulamuliro wa Mfumukazi Mary, pakati pa 1555 ndi 1558, Apulotesitanti oposa 40 anawotchedwa m'dera la Wincheap. Pambuyo pake mzindawu unalandira othawa chizunzo ochokera ku France ndi ku maiko a kumpoto kwake, ambiri a iwo owomba nsalu. Anapatsidwa malo opempherera m'chipinda chapansi cha cathedral, ndipo mpaka lero mapemphero a m'Chifalansa amachitika m'menemo Lamulungu masana.

Mbiri ndi nthano

Pa ulendo wotere mumamva zamitundu iwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Zina zili ndi mboni zolemba: Bede, amene anamaliza mbiri ya mpingo wa Angelezi mu 731, Edward Grim, ndi mmonke Gervase, amene analemba chaka ndi chaka momwe ntchito yomanga inkayendera moto wa 1174 utachitika. Zina ndi zokometsera. Mawu otchuka amene amati Henry II ananena, ofunsa ngati palibe womuchotsera wansembe wovutayu, anayamba kulembedwa choncho patapita zaka mazana ambiri, ndipo mboni za nthawiyo zinalemba mawu ena. Mpando woviikira anthu m'madzi umene uli pa mtsinje pafupi ndi nyumba ya Old Weavers ndi wongofanizira. Mafupa amene anapezeka m'chipinda chapansi mu 1888 ena ankati ndi a Becket, koma atawayezanso mu 1949 akatswiri anati si ake. Funso lothandiza kwa woperekeza ndi lakuti, "Zimenezi tikuzidziwa kuchokera kwa ndani?" Wodziwa ntchito yake amakondwa nalo.

Mpando ndi malire a mphamvu zake

Kumtunda kwa guwa lalikulu kuli mpando wamwala wotchedwa mpando wa Augustine. Unasemedwa cha m'ma 1200, choncho Augustine sanaukhalepo, koma m'pamene akibishopu aliyense amalongedwa. Wokhala pa mpandowu si papa wa Anglican. Mpingowu padziko lonse uli m'zigawo zoposa 40 zodziyimira pazokha, ndipo Akibishopu wa Canterbury ndi woyamba pakati pa ofanana: amaitanitsa misonkhano ndipo amalemekezedwa, koma sangalamule chigawo china. Msonkhano wa mabishopu onse, Lambeth Conference, unayamba mu 1867, ndipo kuyambira 1978 umachitikira ku Canterbury.

Mbiri ya Malawi imakhudzana ndi nyumbayi. Mu October 1860 gulu la amishoni a Anglican a UMCA (Universities' Mission to Central Africa) lotsogoleredwa ndi Charles Mackenzie linatsanzikidwa ndi mapemphero m'cathedral imeneyi, ndipo chaka chotsatira linafika ku Magomero. Dayosizi ya Nyasaland inali pansi pa Canterbury mpaka 1955, pamene chigawo cha Central Africa chinakhazikitsidwa. Kuyambira pamenepo Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana ali ndi akibishopu wawowawo. Kumapeto kwenikweni kwa cathedral, chakum'mawa, kuli kachipinda kokumbukira ofera chikhulupiriro a masiku ano, komwe kanapatulidwa Akibishopu Janani Luwum wa ku Uganda ataphedwa mu 1977 mu ulamuliro wa Idi Amin.

Chifukwa chake mbali ina ya mzinda ndi yatsopano

Mukamayenda cha kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda, nyumba zakale zamatabwa zimatha mwadzidzidzi n'kuyamba masitolo amakono. Usiku wolowera pa 1 June 1942 ndege za Germany zinaponya mabomba pa Canterbury, pa nthawi imene zinkasankha dala mizinda ya mbiri yakale. Dera la St George's linapserera, ndipo tchalitchi chake chinatsala nsanja yokha. Cathedral inapulumuka chifukwa cha alonda amene anali padenga n'kumakankhira pansi mabomba oyatsa moto, ngakhale laibulale yake inawonongeka. Magalasi akale anali atachotsedwa kale n'kubisidwa. Pofukula mabwinja a nkhondoyi m'pamene anapeza pansi pa nyumba ya Aroma ya ku Butchery Lane ija.

Mu 1988 UNESCO inaika malo atatu a mu mzindawu pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse: cathedral, mabwinja a nyumba ya amonke ya Augustine, ndi St Martin's. Wofuna kupitako adziwiretu kuti ulendo wa mu mzinda nthawi zambiri sulowa m'kati mwa cathedral. Kuona m'kati kuli ndi tikiti yakeyake, koma wobwera kudzapemphera salipira, ndipo mapemphero oimba a madzulo ndi otsekukira aliyense. Malo awiri enawo ali kunja kwa linga, ndipo St Martin's ili pa kaphiri, mtunda wa mphindi 15 kuchokera ku cathedral. Tchalitchichi sichitsekulidwa tsiku lililonse, choncho ndi bwino kufunsiratu nthawi musananyamuke.